Jezi Yovalidwa ndi Funso la Chinyengo Chosatulukira

Pa malonda a zinthu zimene akatswiri a masewera anagwiritsapo ntchito pali chodabwitsa chimodzi chimene amalondawo sachifunsa kawirikawiri, ngakhale kuti ntchito yawo yonse yatsamira pa icho. Majezi awiri akhoza kutuluka m'fakitale imodzi, osokedwa ndi ulusi wofanana, a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi, koma ina n'kugulidwa pa mtengo wa chovala wamba pamene inzake ikugulidwa ndi ndalama zokwanira kumanga chipatala, ndipo chimene chikuwasiyanitsa sichingayezedwe pa sikelo kapena kuonedwa ndi galasi lokulitsa zinthu, chifukwa ndi chinthu chimene chinachitika n'kutha: ina mwa iwo inali pathupi pa munthu wakutiwakuti pa ola lakutilakuti. Funso limene likutuluka pamenepa ndi lakale kuposa masewera a masiku ano, pakuti zipembedzo zakhala zikulimbana nalo kwa zaka mazana ambiri pa nkhani ya zotsala za oyera, ndiko kuti mafupa, tsitsi, zovala ndi zipangizo za anthu amene okhulupirira amawalemekeza atamwalira. Funsolo ndi lakuti, ngati chinthu chabodza chafanana ndi chenicheni moti mwini wake sadzazindikira mpaka tsiku la imfa yake, kodi pali chimene iye walandidwa?

Nkhani ya jezi ya Diego Maradona ikusonyeza mmene mtengo wa zinthu zotere umadalira tinthu ting'onoting'ono. Pa 22 Juni 1986, m'bwalo la Azteca mumzinda wa Mexico City, timu ya Argentina inagonjetsa England ndi zigoli 2 kwa 1 m'ndime ya makotafainolo ya mpikisano wa World Cup, ndipo Maradona ndiye anamwetsa zigoli zonse ziwiri za timu yake m'chigawo chachiwiri, choyamba ndi dzanja, chimene chinadzatchuka ndi dzina lakuti Dzanja la Mulungu, ndipo chachiwiri atadutsa osewera a England mmodzimmodzi kuchokera pakati pa bwalo. Masewero atatha iye anasinthana jezi ndi Steve Hodge, wosewera wapakati wa England, amene anaisunga kwa zaka pafupifupi 36, ndipo kwa nthawi yaitali anaibwereketsa ku National Football Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya mpira ya dziko lake. Kampani ya Sotheby's italengeza mu 2022 kuti igulitsa jeziyo pa okushoni, malonda amene ogula amapikisana potchula mitengo, mwana wamkazi wa Maradona, Dalma, ananena poyera kuti bambo ake anasintha jezi pa nthawi yopumulira, ndi kuti imene Hodge anali nayo inali ya chigawo choyamba, momwe simunalowe chigoli chilichonse. Sotheby's inayankha kuti akatswiri oima paokha anali atafananitsa jeziyo ndi zithunzi za masewerowo n'kupeza kuti kasokedwe ka chizindikiro cha pachifuwa, kaimidwe ka mizere ya nsalu ndi ka manambala zinkagwirizana ndi zithunzi za chigawo chachiwiri, ndipo mu Meyi chaka chomwecho jeziyo inagulidwa pa mapaundi oposa 7.1 miliyoni.

Chofunika kuchiona pa mkanganowu n'chakuti panalibe wokana kuti Maradona anavala jeziyo pa tsikulo, m'bwalo lomwelo, ndi kuti thukuta limene linalowa m'nsaluyo linali lake. Mkangano wonse unali pa mphindi 45 zokha, ndipo mphindi zimenezo ndizo zinasenza gawo lalikulu la mtengo. Zimenezi zikufooketsa yankho limene ambiri amafulumira kupereka, lakuti ogula zinthu zotere amakhulupirira mumtima, ngakhale pakamwa savomera, kuti mphamvu ya munthu imatsalira m'chovala chake. Yankholo lili nawo maziko ake. James Frazer, katswiri wa miyambo ya mitundu ya anthu, anafotokoza m'buku lake lotchedwa The Golden Bough za chikhulupiriro chopezeka m'maiko ambiri chakuti chimene chinagundana ndi thupi la munthu sichilekana naye kotheratu, ndipo ndi chikhulupiriro chomwecho chimene chimachititsa kuti m'midzi yambiri ya kuno munthu asataye tsitsi, zikhadabo kapena sanza zake poti aliyense angatole, poopa kuti wanjiru angamulodze nazo. Anthu a m'maiko olemera sali kutali ndi maganizo amenewa, pakuti kafukufuku amene George Newman, Gil Diesendruck ndi Paul Bloom anafalitsa mu 2011 anapeza kuti anthu amatsitsa ndalama zimene angalipire pa juzi ya munthu wotchuka amene amamukonda akauzidwa kuti juziyo yayeretsedwa ndi mankhwala opha tizilombo. Pa malonda a majezi napo, matope a m'bwalo, madontho a magazi ndi zizindikiro za udzu zimakweza mtengo, ndipo wogula sakondwera akamva kuti jezi inachapidwa.

Malemba a Chikhristu amaidziwa mphamvu yodzera m'kukhudza, koma amaigwira mosamala kuposa mmene ambiri amaganizira. M'buku lachiwiri la Mafumu muli nkhani ya mtembo umene unatsitsimuka utakhudza mafupa a mneneri Elisa, m'buku la Machitidwe a Atumwi muli nkhani ya tinsalu timene tinakhudza thupi la Paulo ku Efeso n'kukachiritsa odwala, ndipo Marko amasimba za mayi wodwala nthenda yotaya magazi amene anachira atakhudza chovala cha Yesu. Komabe m'nkhani yomalizayi Yesu anatamanda chikhulupiriro cha mayiyo, ndipo chovalacho sanachipatse ulemu uliwonse. Nkhani yolemera koposa pa funso lino ndi ya mfumu Hezekiya, amene anaphwanya njoka yamkuwa imene Mose anapanga m'chipululu, chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani. Njokayo sinali yabodza; malinga ndi wolemba nkhaniyo inalidi ya Mose, ndipo komabe wolembayo akuyamikira mfumu imene inaiwononga. M'chipembedzo, tsono, kukhala chenicheni kwa chinthu sikunakhalepo mawu otsiriza, popeza chinthucho chimalozera kwa wina woposa icho, ndipo chikayamba kulanda malo ake chikhoza kuphwanyidwa ngakhale umboni wake uli wokwanira.

Kuti mphamvu ya kukhudza siikwanira kufotokoza mitengo ya pa okushoni, zinaonekera poyera mu Malichi 2022. Tom Brady, katswiri wa mpira wa ku America umene amausewera kwambiri ndi manja, anali atalengeza kuti wapuma pa masewera, ndipo mpira umene anaponya pa chigoli chake chomaliza unagulitsidwa ndi kampani ya Lelands pa madola oposa 518,000. Pasanathe tsiku lathunthu Brady analengeza kuti wasintha maganizo ndipo abwereranso m'bwalo, zimene zinatanthauza kuti chigolicho sichidzakhalanso chomaliza; malondawo anathetsedwa, ndipo mpira womwewo utagulitsidwanso patapita miyezi ingapo unangopeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo woyamba. Chikopa cha mpirawo sichinasinthe, zala zimene zinaugwira zinali zomwezo, ndipo panalibe amene ananama. Chimene chinasuntha ndi malo a mpirawo m'mbiri ya munthuyo. Wosonkhanitsa zinthu zotere, choncho, amalipira mbiri, ndiko kuti choonadi chakuti chinthu chimene wachigwira chinali nawo pa chochitika chimene sichidzabwerezedwanso.

Walter Benjamin, wolemba wa ku Germany, m'nkhani yake ya m'zaka za m'ma 1930 yokhudza luso pa nyengo ya makina ojambula ndi osindikiza, anaphunzitsa kuti makina akhoza kuchulukitsa maonekedwe a chinthu koma sangachulukitse ulendo umene chinthu chimodzicho chayenda. Vuto limene mfundo yoona imeneyi imabala n'lakuti ulendowo suoneka m'nsalu monga mmene utoto umaonekera. Munthu amene sanali m'bwalo la Azteca angadziwe kuti jezi ili patsogolo pake inali kumeneko pokhapokha atauzidwa ndi wina, amene mwina nayenso anachita kuuzidwa, ndipo n'chifukwa chake amalonda amaika mtima kwambiri pa mndandanda wa manja amene chinthu chadutsamo kuchokera kwa wosewera mpaka kwa wogulitsa wa lero. Mtengo wonse umakhala pa umboni, ndipo paliponse pamene umboni ungasandulike ndalama, mboni zonama sizichedwa kuoneka.

Mpingo unaphunzira zimenezi movutikira komanso kwa nthawi yaitali. Akhristu a ku Smurna anatola ndi kusunga mwaulemu mafupa a episkopi wawo Polycarp chapakati pa zaka za m'ma 100, koma pofika mu 386 lamulo la mfumu Theodosius linali litaletsa kale kugulitsa matupi a ofera chikhulupiriro, ndipo Augustine, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anadandaula za anthu ovala ngati amonke amene ankayendayenda kutsatsa ziwalo za anthu amene iye ankakayika ngati analidi ofera chikhulupiriro. Msonkhano wachiwiri wa maepiskopi wa ku Nicaea wa mu 787 unalamula kuti tchalitchi chisapatulidwe popanda zotsala za oyera, ndipo mmene matchalitchi ankachulukira, ndimonso ofuna zotsalazo ankachulukira. M'zaka za m'ma 1120, Guibert, mkulu wa nyumba ya amonke ya ku Nogent ku France, analemba buku lotsutsa amonke a ku Soissons amene ankati akusunga dzino la ubwana la Yesu, ndipo anakumbutsa owerenga ake kuti malo awiri osiyana ankadzitama kuti ali ndi mutu wa Yohane Mbatizi. John Calvin, m'kabuku kake ka mu 1543, anatenga njira yomweyo n'kuikulitsa, pakuti anangowerengera zimene matauni osiyanasiyana ankati ali nazo, n'kuonetsa kuti zidutswa za mtanda, misomali ndi mikono ya atumwi zachuluka kuposa mmene zikanathekera. Njira yake yowerengera inali yanzeru, ndipo ndi yomwe ofufuza a lero amagwiritsa ntchito akapeza kuti majezi atatu akunenedwa kuti anavalidwa ndi munthu mmodzi pa masewero amodzi.

Yankho la mpingo wa Katolika linali loletsa malonda ndi kuika ulamuliro pa umboni. Msonkhano wachinayi wa ku Lateran wa mu 1215 unaletsa kutsatsa zotsala za oyera ndi kulemekeza zatsopano popanda chilolezo cha papa, msonkhano wa ku Trent mu 1563 unaika udindo wozivomereza m'manja mwa episkopi, ndipo pang'onopang'ono kunakhazikika mwambo wotsekera kachidutswa m'kabokosi komangidwa ndi ulusi ndi kumatidwa ndi phula lodindidwa chidindo, pamodzi ndi chikalata chosainidwa ndi waudindo. Chidindo chikathyoka, umboni umafooka, ngakhale kachidutswako kali komweko.

Amalonda a zinthu zamasewera anayenda njira yomweyo m'zaka zochepa chabe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, apolisi a FBI a ku San Diego anachita kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen, amene anavumbula gulu lalikulu la anthu olemba masiginecha abodza a akatswiri pa mipira, zithunzi ndi ndodo zomenyera mpira wa baseball. Mmodzi mwa amene anathandiza apolisi anali wosewera wotchuka Tony Gwynn, amene anaona zinthu zikugulitsidwa ndi siginecha yonenedwa kuti ndi yake pamene iye sanailembe, ndipo pakati pa zimene apolisi analanda panali mpira wa baseball wokhala ndi siginecha yabodza ya Mayi Teresa wa ku Calcutta. Chimene chinavulaza kwambiri chikhulupiriro cha ogula n'chakuti zinthu zabodzazo zinkayenda ndi zikalata zotsimikizira, zina zolembedwa ndi anthu odzitcha akatswiri amene anali m'gulu lomwelo, moti pepala limene linayenera kuteteza wogula ndilo linamuphimba m'maso. Potsatira zimenezi, bungwe loyendetsa ligi yaikulu ya baseball, Major League Baseball, linakhazikitsa mu 2001 ndondomeko yakuti pa masewero aliwonse pazikhala mboni, kawirikawiri wapolisi amene sali pantchito tsikulo, yemwe amangotsimikizira chinthu chimene wachiona ndi maso ake chikugwiritsidwa ntchito, n'kumatapo kachizindikiro konyezimira kotchedwa hologram, kokhala ndi nambala imene aliyense angaifufuze pa intaneti, ndipo kamawonongeka munthu akayesa kukamatula. Kachizindikiro kameneka ndi phula ndi chidindo cha episkopi chabe m'maonekedwe atsopano.

Zinthu zakale, zimene zinavalidwa mboni zotere zisanakhalepo, zimafufuzidwa ndi njira yofananitsa ndi zithunzi, imene inagwira ntchito pa jezi ya Maradona, ndipo njira imeneyi ili ndi phunziro lake lozama. Akale anati kutsutsa galu n'kukumba, ndipo ofufuzawa amakumbadi, koma chimene amafunafuna ndi zilema: ulusi wolendewera, nambala yopendekeka pang'ono, batani losagwirizana ndi mzere wa nsalu, banga kapena chigamba, popeza zimene fakitale inachita bwino n'zofanana pa majezi onse ndipo sizingasiyanitse ina ndi inzake. Majezi a buluu amene Argentina inavala tsiku lija anagulidwa mofulumira m'sitolo za mu Mexico City chifukwa mphunzitsi Carlos Bilardo ankafuna nsalu yopepuka pa dzuwa la kumeneko, zizindikiro zinasokedwa ndi manja ndipo manambala anamatidwa mothamanga, ndipo changu chimenecho ndicho chinasiya kusiyana kumene kunadzathandiza ofufuza patapita zaka zambiri. Umu ndi mmenenso thupi la David Livingstone linazindikiridwira ku London mu 1874, omuthandiza ake Susi, Chuma ndi anzawo atalinyamula kuchokera kwa Chitambo mpaka ku gombe la Bagamoyo: nkhope inali itasinthika, koma fupa la mkono wamanzere limene mkango unathyola zaka 30 m'mbuyomo linachitira umboni.

Ngakhale zili choncho, njira zimenezi sizichotsa kufunika kokhulupirira munthu. Zimangosamutsa chikhulupirirocho kuchoka kwa wogulitsa kupita kwa wofufuza. Jezi imene akuti katswiri wa baseball Babe Ruth anavala pa 1 Okutobala 1932 ku Wrigley Field mumzinda wa Chicago, tsiku limene anthu amati analoza kumene amenyere mpira asanaumenye, inagulidwa pa madola 940,000 mu 2005, koma mu Ogasiti 2024, makampani ofananitsa ndi zithunzi atailumikiza ndi masewerowo, inagulidwa pa madola 24.12 miliyoni ku Heritage Auctions, ngakhale kuti kampani ina yodziwika pa ntchito yomweyo inali itanena kuti siinathe kutsimikiza. Zithunzi za mu 1932 n'zosaoneka bwino, akatswiri oona mtima akhoza kusiyana pa zimene akuona, ndipo wogula, amene sangathe kuweruza yekha, amasankha katswiri womukhulupirira monga mmene wopembedza wa m'zaka za m'ma 1300 ankasankhira kukhulupirira chidindo.

Apa ndi pamene funso la chinyengo chosatulukira likufunika yankho lake. Pali maganizo akuti ubwino wa moyo wa munthu umayezedwa ndi zimene iye akumva mumtima, ndipo potsata maganizo amenewa munthu amene wapachika jezi yabodza pakhoma, n'kumasangalala nayo moyo wake wonse, sanatayepo kanthu kupatula ndalama zimene sadzadziwa kuti anazitaya. Robert Nozick, katswiri wa filosofi, ndiko kuti maphunziro ofufuza maziko a kudziwa ndi a khalidwe, anatsutsa maganizo otere mu 1974 poyerekeza makina amene angapatse munthu kumva kulikonse kumene akufuna, thupi lake lili gone, ndipo ananena kuti ambiri sangavomere kulumikizidwa ku makinawo moyo wawo wonse, chifukwa anthu amafuna kuchitadi zinthu ndi kukhaladi pafupi ndi zenizeni. Mfundo yake ikugwira mwamphamvu pa wosonkhanitsa kuposa pa anthu ambiri, popeza chimene iye ankafuna chinali chodziwika bwino: kukhala ndi chinthu chimene chinali m'bwalo pa ola lija. Chikhumbo chotere chimakwaniritsidwa ndi mmene zinthu zilili m'dziko, ndipo ngati jeziyo sinali kumeneko chikhumbocho chalephera, kaya mwini wake akudziwa kapena ayi. Kuti kuvulala kwake sikuli pa ndalama zokha kukuoneka poganizira jezi yabodza yoperekedwa ngati mphatso: wolandirayo sanalipire kanthu, komabe amaitana alendo kudzaona chinthu chimene kulibe, amasimba nkhani yonama osadziwa, ndipo wonyengayo wamusandutsa mboni yonama kwa ana ake omwe. Pa Malamulo Khumi, loletsa kuba limakhudza chinyengochi, koma muzu wake uli pa loletsa umboni wonama.

Poyerekeza wopembedza ndi wosonkhanitsa, pakupezeka chinthu chimene ambiri sangachiyembekezere, chakuti wosonkhanitsa ndiye amene alibe pothawira. Mumzinda wa Trier ku Germany muli mkanjo umene mwambo umati ndi wa Yesu, uja wopanda msoko umene asilikali anachitira mayere, ndipo ku Argenteuil ku France kulinso wina wonenedwa chimodzimodzi. Akuluakulu a mpingo ku Trier sakakamiza aliyense kukhulupirira kuti mkanjowo ndi weniweni, koma amauonetsa, monga anachitira mu 1996 ndi 2012, ngati chizindikiro cha Khristu ndi cha umodzi wa otsatira ake. Nsalu ya ku Turin, imene ena amati inakulunga mtembo wa Yesu, inayezedwa mu 1988 m'malo ofufuzira atatu, ku Oxford, Zurich ndi Arizona, amene anapeza kuti inapangidwa pakati pa 1260 ndi 1390, ndipo Papa John Paul II atakaiona mu 1998 ananena kuti funso la chiyambi chake si nkhani ya chikhulupiriro ndipo mpingo ukulisiya kwa asayansi. Wopembedza akhoza kunena kuti pemphero lake silinathere pa nsalu, linapitirira kwa amene nsaluyo ikumukumbutsa, ndipo ameneyo amamva ngakhale nsalu ili ya m'zaka za m'ma 1300. Calvin sakanavomera chitetezo chimenechi, ndipo dandaulo lake lakuti Mulungu wa choonadi sayenera kupembedzedwa kudzera m'bodza lili ndi kulemera kumene sikungakankhidwe pambali. Komabe wopembedzayo ali ndi kanthu koti anene. Wosonkhanitsa alibe, chifukwa kuseri kwa jezi kulibe amene akumva. Akanena kuti yabodzayo ikumukumbutsabe Maradona, yankho n'lakuti jezi yofanizira yogulidwa pamsika imakumbutsanso chimodzimodzi pa mtengo wochepa ndipo siinamiza aliyense, moti ndalama zonse zoonjezera zinalipiridwa pa choonadi chimodzi chokha chimene chapezeka kuti palibe.

Kuvulalako sikuthera pa wogula mmodzi. Chabodza chilichonse chikalowa pamsika chimaponya mthunzi pa zenizeni zonse, ndipo amene amavutika koposa ndi osauka a umboni, monga mkazi wamasiye wa wosewera wakale amene ali ndi jezi yeniyeni m'sutikesi koma alibe chikalata kapena chithunzi, pamene wonyenga waluso amafika ndi mapepala okwanira. Nyumba zosungiramo mbiri ndi olemba mabuku amatenganso zinthu zimenezi ngati maziko, kotero kuti bodza limodzi likhoza kulowa m'chikumbumtima cha mtundu wonse. Vutoli limakula kwambiri pa mwambo woduladula majezi n'kumata tizidutswa pa makhadi a zithunzi za osewera, umene unafala kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2003 unafika poti kampani ya Donruss inagula jezi ya Babe Ruth ya mu 1925 n'kuidula m'tizidutswa pafupifupi 2,100. Kachidutswa kotere kalibe nambala, batani kapena chigamba choti n'kufananitsa ndi chithunzi, choncho kamangodalira mawu a kampani, ndipo milandu imene inazengedwa ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2010 inaonetsa kuti ogulitsa ena ankadetsa dala majezi atsopano kuti aoneke ovalidwa n'kuwagulitsa kwa opanga makhadi. Kudula jezi yeniyeni n'kuwononga mboni yokhayo imene ikanatha kudzilankhulira, ndipo phindu limene kumabweretsa silingalungamitse kutayikako.

Mpingo unali ndi mankhwala amodzi amene msika sungathe kumwa, ndiwo kuletsa kugulitsa, ndipo mpaka lero ndime 1190 ya malamulo a mpingo wa Katolika a mu 1983 imaletsa kotheratu kugulitsa zotsala za oyera, pozindikira kuti mtengo ndiwo umaitana wonyenga. Malonda a majezi sangadziletse okha, motero chimene chatsala n'kulekanitsa mboni ndi phindu la umboni wake. Kampani ya okushoni imalandira gawo la mtengo wa chinthu chimene yagulitsa, choncho siingakhale woweruza womaliza pa chinthu chomwecho, ngakhale antchito ake atakhala okhulupirika chotani. Wofufuza ayenera kulipidwa mofanana akavomereza ndi akakana, asakhale ndi gawo pa malondawo, ndipo alembe zifukwa zake pamodzi ndi zithunzi zimene wagwiritsa ntchito kuti wina athe kuzibwereza. Mpata waukulu umene ulipobe ndi wa makalata okana, pakuti wogulitsa akhoza kupita kwa ofufuza angapo, n'kusunga m'kabati mayankho amene sanamukomere, n'kuonetsa limodzi lokha limene lavomereza. Ndondomeko ya hologram inatseka mpata umenewu pa zinthu zatsopano poika mboni pabwalo chinthucho chisanakhale ndi mtengo, koma pa zinthu zakale mpatawo ungatsekedwe pokhapokha ofufuza atagwirizana kulemba poyera chinthu chilichonse chimene achiyesa, chovomerezedwa ndi chokanidwa chomwe, m'kaundula amene wogula angathe kutsegula asanatchule mtengo.